Chenja ya ku Joni

Ba Sultan anafika Nsofwa asanatsegule n'komwe loko wa kontena yake. Linali Lachinayi, mu Okutobala wa 1999, ndipo ngakhale unali m'mawa, fumbi la m'Kalingalinga, mu Lusaka, linali litayamba kale kuwotcha kumapazi. Anaimika Cressida yawo yoyera pansi pa mtengo wa mango n'kutuluka atakwapatira katoni, injini osazimitsa.

Nsofwa anali mayi, mmisiri wa zamagetsi a galimoto. Anagwira ntchito zaka naini pakampani ya mabasi a boma, ndipo kampaniyo itatsekedwa anzake anabalalika, ena kukagulitsa zovala zakale za salaula, ena kumudzi. Iye anatola zitsulo zake n'kudzakhazikika m'mbali mwa msewu, pakati pa opala matabwa ndi owotcherera mageti. Ba Sultan anali kasitomala wake wakale. Anali bambo wa zaka zopitirira sikisite, Msilamu, wa sitolo ya nsalu kumsika wa Mtendere. Makolo awo anachokera ku Mangochi iwo asanabadwe.

"Ba Nsofwa, siyani vonse," anatero asanapereke ndi moni womwe. "Ichi chinthu chilile lelo, ikalibe kukwana sikisitini awazi."

"Mwauka bwanji, Ba Sultan? Zimyani injini poyamba."

Anazimitsa. Nsofwa anaika katoniyo pabenchi n'kuitsegula. Tepi yomatira inali itafiira ndi ukalamba, pamwamba pali fumbi ndi tuzitosi ta mphemvu. Mkati munali chenja ya masidi, bokosi lakuda lachitsulo lomwe mumalowa masidi sikisi nthawi imodzi. Limamangidwa mubuti, waya wake n'kudutsa pansi pa kapeti mpaka kuwailesi, kuti woyendetsa azingodina batani nyimbo zizisintha zokha. Inali yatsopano, isanachoke ngakhale m'pulasitiki.

"Iyi siinabwele dzulo," anatero Nsofwa. "Yakhala kuti?"

"Ivo si nchito yanu. Mangani chabe."

Nsofwa anagwada pakhomo la galimoto, kumasula mapulasitiki a deshibodi mmodzimmodzi, n'kusolola wailesi. Inali yomwe inabwera ndi galimotoyo kuchokera ku Japan, ya kaseti, mabatani ake atafufutika. Kumbuyo kwake kunalidi malo olowetsapo chenja, kabowo kozungulira ka timaenje khumi ndi titatu. Anatenga waya wa chenja n'kuyang'ana pulagi yake. Mapini analipo eyiti.

"Pali vuto," anatero. "Wamene anagula anaziba vamene anali kuchita. Iyi chenja na wailesi yanu vingamvane. Koma pafunika kawaya kafupi ka pakati, kolumikiza pulagi iyi na iyo. Mu katoni mulibe."

"Dulani chabe mulumikize. Waya ni waya."

"Waya si waya, Ba Sultan. Umu muli ina yonyamula moto, ina yonyamula nyimbo, ina yamene wailesi iuzila chenja kuti sintha. Mukaphonya imodzi, wailesi yapsa. Kapena tigule wailesi ina ku town, ya manje manje?"

"Iyai!" Mawuwo anatuluka mokweza mpaka wopala matabwa anadzutsa mutu. "Wailesi ikhale yamene iyi. Anakamba kuti anasankhila yamene iyi."

"Ndani anakamba?"

Ba Sultan anayang'ana wotchi yawo. Anayenda mpaka kumsewu, kubwerera, kuyang'ananso wotchi.

Nsofwa anavula ovololo, kumanga chitenje, n'kujambula mapulagi onse awiri papepala. "Nipita kukasakila. Nkhalani pa mthunzi. Osagwila chilichonse."

Minibasi yopita m'tauni inaima paliponse pomwe panali munthu, ndi pomwe panalibe. Kondakitala ankamenya chitseko kuitana anthu amene anali asanatuluke m'nyumba zawo. Nsofwa anatsika ku Kamwala thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kulowa sitolo ndi sitolo. Zaka zimenezo katundu anali atasefukira, mawailesi a ku Dubai, masipika aakulu ngati mabeseni, matepi odzaza makatoni. Koma aliyense akayang'ana pepala lake ankapukusa mutu. Wina anayesa kumugulitsa waya wa kompyuta, akulumbira kuti ndi womwewo. Wa sitolo yachisanu ndi chimodzi ndiye anamuuza zoona.

"Mami, iyo simuzaipeza mu shopu. Yendani ku Chawama kuli Ba Dixon, bamene baphwanya mamotoka ya ngozi."

Anakwera minibasi ina. Bwalo la Ba Dixon linali kuseri kwa msika, lotchingidwa ndi zitseko za galimoto zakufa. Mwini wake, bambo wamfupi wa chipewa cha nsalu, anayang'ana pepala lija nthawi yaitali, kenako analoza ndi chibwano galimoto ina yophwanyika kutsogolo, imene denga lake linali litatsikira pamipando.

"Iyo inabwela na chenja. Chenja banachotsa kudala, koma waya siniziba. Ngati mungakwane, ngenani."

Nsofwa analowera pawindo lakumbuyo, chokwawa. Chitsulo chinali chotentha ngati chiwaya, mkati mukununkha mkodzo wa makoswe. Anagona chagada pamagalasi osweka, mutu pansi pa deshibodi, n'kupisa dzanja kumbuyo kwa malo a wailesi. Chitsulo china chinamucheka pachikhatho. Anapitiriza kufufuza mpaka zala zinakhudza kanthu kozungulira. Anakoka pang'onopang'ono. Kanatuluka kawaya kotalika ngati mkono wa mwana, mbali ina mapini khumi ndi atatu, mbali ina timaenje eyiti. Anawerenga kawiri asanakhulupirire.

Anabwerera ku Kalingalinga nthawi itadutsa 13 awazi, dzanja atalikulunga ndi mpango. Fungo analimva asanafike pamtengo wa mango. Linali fungo la pulasitiki yopserera.

Zitseko zonse za Cressida zinali zotsegula. Ba Sultan anaima chapatali, sizasi yaikulu yodulira nsalu ili m'manja. Waya wa chenja unali wodulidwa, pulagi palibe, timawaya tamitundumitundu tapotedwa ndi zala n'kulowetsedwa m'timaenje ta wailesi. Nsofwa anathamanga kukachotsa waya wa batire, kenako anatsegula bokosi la mafyuzi. Pamalo pa fyuzi imodzi panali msomali wopindidwa.

"Fyuzi inapsa," anatero Ba Sultan motsitsa mawu. "Ninaganiza kuti msomali..."

"Ninakuuzani chani?" anakalipa Nsofwa. "Nayenda Kamwala yonse, nangena mu motoka yamene munafela banthu, onani kwanja kwanga! Imwe muli pano mudula mawaya monga ni chitenje? Fyuzi imapsa kuti motoka isapse. Mukanayatsa moto pano pali matabwa ya banthu!"

Anaponya kawaya kaja pabenchi.

"Tengani motoka yanu. Pelekani kwina."

Ba Sultan sanakangane naye. Anakhala pansi patayala lakale, kuvula kofia yawo n'kumaitembenuza m'manja. Nsofwa anali asanawaonepo mutu uli pamtunda. Imvi zinali zambiri kuposa mmene ankaganizira.

"Ni mwana wanga anatuma," anatero. "Muzammil."

Anafotokoza akuyang'ana pansi. Muzammil anali mwana wawo wamwamuna yekhayo. Zaka zinayi zapitazo anakana kukhala m'sitolo, akuti nsalu za salaula zapha malonda ndipo iye akufuna kukayesa ku Joni. Anakangana pamaso pa makasitomala. Ba Sultan anamuuza kuti akakwera basiyo asadzapondenso pakhomo pawo. Mwanayo anakwera. Patatha zaka ziwiri, mayi wina wochita malonda anabweretsa katoniyi pamodzi ndi kalata. Muzammil analemba kuti wayenda masitolo ambiri kufunafuna chenja yogwirizana ndi wailesi ya m'galimoto ya bambo ake, chifukwa ankadziwa kuti sangalole kuichotsa. Ba Sultan anaika katoniyo pamwamba pa wadiropu, kalatayo sanayankhe. Akazi awo, Ba Nusra, ndiwo analemba mobisa, kumunamiza mwanayo kuti bambo ake anamangitsa ndipo amamvera tsiku lililonse.

"Pa Mande anatuma foni ku shopu ya neba. Akuti, Baba, nibwela pa Chinayi na basi ya ku Joni, mukanitenge ku Intercity. Uja mwana, Ba Nsofwa, kuchokela ali mung'ono sanapemphepo kuti nimutenge kulikonse. Ngakhale ku sukulu mvula ikugwa anali kubwela yeka." Anabwezera kofia kumutu, n'kuivulanso. "Masiku yatatu aya nilibe kukhala pansi. Siniziba chamene nizakamba naye. Ninaganiza kuti akangena mu motoka, amve chabe ilila."

Nsofwa anayang'ana wotchi ya pa dzanja lawo. Inali 13:40.

"Pulagi yamene munadula ili kuti?"

Anaitulutsa m'thumba la malaya.

Nsofwa anavalanso ovololo. Anayamba ndi kufufuza pomwe panapsa. Waya wofiira wobweretsa moto kuwailesi unali utasungunuka chigawo chotalika ngati chala, n'kumatirira kwa unzake. Anadula chopsacho, kuika waya watsopano, kuwotcherera ndi mtovu, kukulunga tepi yakuda. Anazula msomali uja n'kuika fyuzi yeniyeni. Kenako anakhala pabenchi ndi pulagi yodulidwa ija kuti ailumikizenso kuwaya wa chenja. Timawaya eyiti, towonda ngati ulusi, tiwiri ta mtundu wofanana kusiyana kamzere kokha. Thukuta linkamugwera m'maso.

Ba Sultan ankazungulira galimoto. Ankafika kumsewu, kubwerera, kudzaima kumbuyo kwake.

"Yasala ingati?"

"Isanu."

Patapita kanthawi: "Manje?"

"Ba Sultan, mwanitchingila kuwala. Gwilani apa, osagwedeza."

Anawapatsa pulayala kuti apanire waya. Anagwira, n'kusiya kufunsafunsa.

Itakwana 15 awazi, Nsofwa anali atadutsitsa waya pansi pa kapeti kuchokera kubuti, kumanga chenja ndi masikuluwu anayi, n'kulumikiza kawaya ka ku Chawama kumbuyo kwa wailesi. Chomwe sankadziwa n'chakuti wailesiyo inapulumuka kapena ayi. Anabwezera waya wa batire.

"Yatsani."

Ba Sultan anapotoza kiyi. Kwa kamphindi panalibe kanthu. Kenako tinambala tobiriwira tinayaka, ndipo mawu a munthu wowerenga uthenga wa maliro pawailesi anatuluka m'masipika. Nsofwa anapumira m'mwamba.

"Sidi muli nayo?"

Ba Sultan anapukusa mutu. Za sidi anali asanaganizeko. Nsofwa anakhuthula katoni ija pansi. Pakati pa mapepala panagwa sidi imodzi, ikadali m'pulasitiki, ya nyimbo za kaswida zomwe Asilamu amaimba potamanda Mulungu. Anailowetsa, kutseka kachitseko ka chenja, n'kudina batani la pawailesi lomwe kwa zaka zonsezi linali lisanagwirepo ntchito. Mubuti munamveka kulira kwa timagiya. Kenako ng'oma yaing'ono inayamba, ndi mawu a amuna oimbira pamodzi, oyera ngati oimbawo akhala pampando wakumbuyo.

Ba Sultan anangogwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

Anabweza galimoto kuti azipita. Tayala litangogwa m'dzenje loyamba la pamsewu, nyimbo inadumpha, kubwereza liwu limodzi katatu, n'kuzima. Anaponda buleki fumbi n'kubuka.

"Ba Nsofwa!"

Iye anali akuthamanga kale, sikuludiraiva m'manja. Anadziwa chimene anaiwala. M'mbali mwa chenja muli timasikuluwu tiwiri touza masipuling'i a mkati ngati bokosi lagona kapena laimirira. Iye analimanga chogona, koma timasikuluwuto tinali pa choimirira. Anatitembenuza, kutseka buti, kuuza wopala matabwa kuti amuyang'anire kontena, n'kulowa kutsogolo.

"Tiyeni. Ngati yadumpha futi nizakonzela kwamene uko."

Sinadumphenso. Ba Sultan anayendetsa ngati munthu wothawa, akuliza hutala kwa maminibasi, ndipo anafika pasiteshoni ya mabasi ya Intercity kutatsala mphindi zisanu kuti ikwane 16 awazi.

Basi ya ku Joni inali isanafike. Wina anati yachedwa pa boda ku Chirundu, wina anati yadutsa kale Kafue. Ba Sultan anayenda kuchokera kugeti kukafika pomwe mabasi amaima, kubwerera kugalimoto, kuyatsa kuti amve ngati ikulirabe, kuzimitsa, kupitanso kugeti. Anachita zimenezi kasanu. Nsofwa anawagulira madzi ozizira a m'pulasitiki, iwo anangowagwira m'manja mpaka anafunda.

Basiyo inalowa itadutsa 17 awazi, yofiira ndi fumbi, ikukoka ngolo ya katundu. Anthu anaunjikana pachitseko. Kunatsika amayi amalonda ndi zikwama zawo zamizeremizere, anyamata a majekete achikopa, mayi wina ndi mwana kumsana. Ba Sultan anaima chonyanyamphira, akuyang'ana pamwamba pa mitu ya anthu. Anauza Nsofwa kuti ayang'ane munthu wamtali, wamapewa aakulu, wonenepa kuposa iwo.

Anthu anatha kutsika. Wamapewa aakulu panalibe.

Nsofwa ndiye anaona munthu amene anatsika pomaliza, kondakitala atamugwira mkono. Anali atavala jekete lochindikala m'kutentha konseko, kolala itaimikidwa. Anayenda mapazi ochepa n'kukhala pa chikwama chake, akupuma movutikira. Masaya anali olowa, milomo yofiira ndi zilonda, tsitsi lopyapyala ngati la khanda. Zaka zimenezo mu Lusaka munalibe munthu wosadziwa maonekedwe amenewo. Nsofwa anali ataika m'manda mchemwali wake ndi anzake atatu a kumabasi.

Ba Sultan anamudutsa munthuyo kawiri, akusuzumira m'mawindo a basi.

"Baba," anaitana munthu uja.

Ba Sultan anatembenuka. Anaima nthawi yaitali, madzi aja akudontha m'manja mwawo. Kenako anapita, kugwada pa simenti yamafuta ndi malaya awo oyera, n'kugwira nkhope ya mwana wawo ndi manja awiri.

"Assalamu alaikum, Baba."

"Wa alaikum salaam. Wafika, mwana wanga. Wafika."

Sanafunse funso lililonse. Anamukweza, kumukoleka mkono paphewa pawo, n'kuyenda naye pang'onopang'ono. Nsofwa ananyamula chikwama. Chinali chopepuka. Anamukhazika Muzammil kutsogolo n'kumugonekera mpando pang'ono.

Ba Sultan atapotoza kiyi, kaswida ija inayambira pomwe inalekera. Muzammil anatsegula maso, kuyang'ana wailesi, n'kumwetulira.

"Ikali kulila?"

Nsofwa, ataima pawindo, anayembekeza kuti Ba Sultan anena bodza lomwe analikonzekera tsiku lonse.

"Taimanga lelo," anatero Ba Sultan. "Aba ndiye bamanga. Inali pamwamba pa wadilopu zaka zibili. Ninali na ukali, Muzammil. Nenze chipuba, chitsilu chenicheni."

Muzammil anaseka, kuseka kunasanduka chifuwa, ndipo anadikira kuti chithe.

"Ninaziba, Baba. Bamama banalemba kuti mumangenesa masidi pa kabowo ka kaseti."

Ba Sultan anaseka naye, misozi ikutsikira m'ndevu. Anauza Nsofwa kuti alowe kumbuyo amutule, koma iye anakana, nati ali ndi zogula m'tauni. Analibe chogula chilichonse. Anaima mpaka Cressida inatuluka pageti, ikuyenda pang'onopang'ono kuzemba maenje, kenako anapita kukakwera minibasi.

Miyezi yotsatira anaitanidwa ku Mtendere katatu, nthawi zonse chifukwa cha batire. Muzammil sankakonda kugona m'nyumba. Masana ankamutulutsa n'kumukhazika m'galimoto pansi pa mtengo wa mapeyala, zitseko zotsegula, akumvera masidi omwe bambo ake ankamugulira ku Kamwala, injini ili chozima. Ulendo wachitatu Nsofwa anabweretsa tchaja ya batire yakale ya kumabasi n'kuwasonyeza Ba Nusra kalumikizidwe kake. Tsiku limenelo anapeza Ba Sultan atakhala pampando wa dalaivala, sitolo atatseka dzuwa lili pamutu, akudula mwana wawo zikhadabo.

Muzammil anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati. Anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa mwambo wa Chisilamu, ndipo Nsofwa anamva mawa lake. Anafunda chitenje kumutu n'kupita kukakhala ndi amayi m'nyumba. Pochoka, Ba Sultan anamuperekeza mpaka pageti. Anali ataonda, koma miyendo yawo sinkakhazikika, ankangopondaponda m'matope.

"Ba Nsofwa, iyi motoka ingafike ku Joni?"

"Ku Joni? Mukachite chani?"

"Anasiya mwana. Mukazi, wa zaka zitatu, zina lake Raisa. Amake banamwalila chaka chatha, ali na banthu chabe ba pa yadi. Ananiuza sabata yatha, ananipatsa na adilesi." Anagwira thumba la malaya. "Pasipoti nili nayo. Mufana wanga Majidi azanithandiza kuyendetsa."

Nsofwa anayang'ana galimotoyo, matayala ake, nyali yakumanzere yomwe inali ndi mng'alu.

"Ingafike. Koma nione alitaneta poyamba, na malaiti yonse, na mawaipa. Bweletsani pa Mande."

"Mande ni kutali. Mailo."

Anabwera nayo m'mawa mwake, ndipo ananyamuka Loweruka. Patatha masabata awiri Cressida inaima pansi pa mtengo wa mango, matope mpaka m'mawindo, bampala yakutsogolo itamangidwa ndi chingwe. Pampando wakumbuyo, pamiyendo pa Majidi, panali kamtsikana kovala juzi yofiira, kakudya chimanga chowotcha. Sikankamva Chinyanja ngakhale liwu limodzi. Ba Sultan anakatulutsa, kukanyamula, n'kukauza kuti kapereke moni kwa Ba Nsofwa. Kanabisa nkhope m'khosi mwa agogo ake, chimanga chili m'manja.